Sense8 ndi Capheus wa ku Nairobi: kodi munthu wa ku Africa anapatsidwa malo otani pa gulu lija?

aPhiri, Chilenje:

Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndabweretsa nkhani ya sewero la pa kanema lotchedwa Sense8, limene ena mwa inu munalionera kale pamene ena munangomva dzina lake. Ndiyamba ndi kulifotokoza mwachidule kuti tiyendere limodzi. Seweroli ndi la Netflix, linatuluka koyamba pa 5 Juni 2015, ndipo analipanga ndi Lana Wachowski ndi Lilly Wachowski pamodzi ndi J. Michael Straczynski. Likunena za anthu asanu ndi atatu amene anabadwa tsiku limodzi, pa 8 Ogasiti, m'mayiko osiyanasiyana, nakula osadziwana mpaka tsiku limene onse anaona ngati m'masomphenya mayi wina dzina lake Angelica akudziwombera ndi mfuti m'tchalitchi chosiyidwa ku Chicago. Kuyambira pamenepo mitima ndi maganizo awo zinalumikizana, kotero kuti wina akagwidwa ndi mantha ku Seoul, mnzake amanjenjemera ali ku Nairobi.

Anthuwo ndi Will, wapolisi wa ku Chicago. Riley, mtsikana wa ku Iceland amene amaika nyimbo m'malo ovinira ku London. Nomi, katswiri wa makompyuta ku San Francisco. Lito, wochita masewero a kanema ku Mexico City. Wolfgang, mbala yotsegula masefa ku Berlin. Kala, amene anaphunzira za mankhwala ndipo akugwira ntchito pa kampani yopanga mankhwala ku Mumbai. Sun, mwana wa mwini kampani yaikulu ku Seoul, amenenso ndi katswiri wa nkhonya ndi mateche. Ndi Capheus, woyendetsa minibasi ku Nairobi. Kulumikizana kwawo kuli pawiri. Munthu akhoza kuchezera mnzake, ndiye kuti amapezeka pamene pali mnzakeyo, n'kumaona ndi kumva zonse za pamalopo ngakhale kuti anthu ena samuona. Akhozanso kubwereka mnzake luso lake, thupi likhale la uyu koma manja akugwira ntchito ndi nzeru za uja. Palinso bungwe lotchedwa BPO ndi munthu wake woopsa, Whispers, amene amasaka anthu otere kuti awagwire ndi kuwawononga ubongo.

Funso langa lagona pa Capheus, chifukwa ndiye yekha wa kuno ku Africa pa gulu lonselo. Munthu ameneyu ndimamukonda kwambiri, pakuti ndiye amene amalandira chodabwitsachi ndi chimwemwe pamene anzake akuganiza kuti ayamba misala. Komabe mtima wanga sunakhazikike. Ambiri mwa anzake anapatsidwa maphunziro, ntchito zaulemu ndi nyumba zabwino, pamene iye anapatsidwa Kibera, komboni yaikulu ya anthu osauka ku Nairobi, mayi wodwala Edzi ndi zigawenga. Kodi pamenepa olemba anatiuza zoona za moyo wathu, kapena anangotola chithunzi chakale chimene anthu akunja amachikonda akamanena za Africa? Ndikufuna kumva makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito m'zipatala ndi pa msewu.

Nabanda, Matero:

Zikomo aPhiri poyambitsa nkhaniyi. Ine ndagwira ntchito ya unamwino kwa nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kuikira kumbuyo nkhani ya mayi wake wa Capheus, amene m'seweroli amatchedwa Shiro. N'zoona kuti anthu akunja anatitopetsa ndi kutchula Edzi nthawi iliyonse akatchula Africa, koma tisafike pokana zimene zinatigweradi chifukwa cha manyazi. Amene tinali kale akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 tikukumbukira mmene maliro ankatsatizirana ku Chingwere ndi ku Leopards Hill, ndipo tikukumbukiranso kuti mu 1987 a Kenneth Kaunda anaimirira nauza dziko kuti mwana wawo anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene mabanja ambiri ankabisa ndi kunena kuti mbale wawo walodzedwa. Ma ARV asanayambe kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, anthu ankagulitsa njinga, wailesi ngakhalenso puloti kuti agulire mbale wawo mankhwala a miyezi yochepa chabe. Mnyamata wodzuka mbandakucha n'cholinga chimodzi chokha, kuti mayi wake apeze mankhwala, si munthu wopeka kwa ine.

Chimene seweroli linagwira bwino kwambiri si matendawo, koma vuto la mankhwala abodza. Capheus sakusaka mankhwala alionse. Akusaka enieni, chifukwa otsika mtengo amene amapezeka mosavuta ndi achinyengo, ndipo n'chimene chinamufikitsa m'manja mwa Silas Kabaka, munthu wolemera wa njira zamdima, amene anamulemba ntchito yoyendetsa mwana wake wamkazi wodwala, Amondi, n'kumamulipira ndi mankhwala abwino. Vuto la mankhwala osakwanira mphamvu lilipo ndithu m'mayiko athu ano, ndipo ife anamwino timalalikira tsiku ndi tsiku kuti anthu asamagule mapilitsi pa msika kapena m'tuntemba.

Nzeru ya olemba ndinaiona mu sizoni yachiwiri, pamene Kala anatulukira kuti kampani ya banja la mwamuna wake, Rajan, imatumiza mankhwala otha mphamvu ku mayiko osauka. Kwa anthu ena a pa kampaniyo zimenezo ndi manambala a pa pepala, koma Kala sangathe kuziona choncho, pakuti amene angamwe mankhwalawo ndi mayi wa munthu amene ululu wake iye amaumva m'chifuwa mwake. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake Nairobi ndi Mumbai zili m'sewero limodzi. Umphawi wa Capheus sunaikidwe kuti tingomumvera chisoni, koma kuti tione kuti uli ndi chingwe chimene nsonga yake ina ili mu ofesi yoyera ya m'dziko lina.

aTembo, Kanyama:

Ine ndine woyendetsa minibasi pa msewu wa Kanyama ndi tauni, choncho aPhiri mwandiitana ndipo ndabwera. Choyamba ndivomereze kuti ntchito yathu anaionetsa molondola. Basi ya Capheus yajambulidwa chithunzi cha Jean-Claude Van Damme ndipo imatchedwa Van Damn, mnzake Jela ndiye kondakitala woitanira anthu, ndipo nkhawa yawo ya m'mawa uliwonse ndi yomwe ija timaidziwa pa Kulima Tower kapena pa City Market, yoona basi ya mnzako ikudzaza pamene yako ili ndi anthu atatu, mafuta akutha, ndalama ya tsikulo isanakwane. Kusiyana kwake n'kwakuti mabasi a ku Nairobi amakongoletsedwa ndi zithunzi ndi nyimbo zaphokoso kuposa athu, koma mtima wa ntchitoyo ndi umodzi.

Ndamva anthu ena akunena kuti Capheus ndi wongothandizidwa, chifukwa pa ndewu yake ndi gulu la zigawenga lija lotchedwa Superpower amene anamenya ndi Sun, pogwiritsa ntchito thupi lake. Ine sindigwirizana nawo. Pamene zigawengazo zinaimitsa basi ndi kulanda katundu wa anthu, Capheus anazitsatira asakudziwa kuti kuli mkazi wina ku Seoul amene adzamuthandize. Anapita yekha, akudziwa kuti akhoza kufa. Nkhonya zinali za Sun, koma kulimba mtima kunali kwa mwini thupi.

Tisaiwalenso kuti naye amabwereka anzake luso. Nomi atatsekerezedwa ku San Francisco nalowa m'galimoto chikhalirecho sadziwa kuyendetsa, amene anagwira chiwongolero ndi Capheus. Kumapeto kwa sizoni yoyamba ku Iceland, pamene gulu lonse linagwirizana kupulumutsa Riley m'manja mwa BPO, Nomi akutsegula zitseko ndi kompyuta, Sun akumenya alonda, Kala akusankha mankhwala omudzutsira, amene analiza ambulansi popanda kiyi ndi yemweyo woyendetsa minibasi. Ife oyendetsa timanyozedwa kwambiri m'tauni muno, ndiye zinandikhudza kuona luso lathu likuwerengedwa mofanana ndi la munthu wa digiri.

aMwale, Kabwata:

Mayi Nabanda ndi bambo Tembo, zimene mwanena ndazimva ndipo ndikuzilemekeza, koma mundilole ndiime mbali ina, chifukwa nkhawa ya aPhiri ili ndi maziko. Vuto silili pa kunena kuti Kibera kulibe kapena kuti Edzi kulibe. Vuto lili pa kusankha. Pa mipando isanu ndi itatu Africa inapatsidwa umodzi, ndipo pa mpando umodziwo olemba anaunjikapo umphawi, matenda, zigawenga za zikwanje ndi katangale nthawi imodzi. Nairobi ndi mzinda wa mayunivesite ndi makampani akuluakulu, ndipo Kenya ndi kumene kunayambira M-Pesa mu 2007, njira yotumizira ndalama pa foni imene inatsegulira khomo zimene tonse tikugwiritsa ntchito lero. Katswiri wa makompyuta akanatha kukhala wa ku Nairobi, koma luso limenelo linapita ku San Francisco monga mwa nthawi zonse. Tangoganizani munthu wa ku Korea amene sanafikeko kuno, ataonetsedwa Lusaka ya Chibolya yokha, osaona Kabulonga, UNZA kapena mabanja wamba a ku Chilenje amene si olemera komanso si opemphetsa.

Chachiwiri ndi anthu amene anasewera. Mu sizoni yoyamba Capheus anali Aml Ameen wa ku Britain, ndipo pambuyo pake analowa m'malo mwake ndi Toby Onwumere, amene anakulira ku America. Sun anaseweredwa ndi Bae Doona wa ku Korea komweko, Kala ndi Tina Desai wa ku India, Wolfgang ndi Max Riemelt wa ku Germany, koma pa mpando wa Kenya sipanakhale Mkenya. Akenya anapatsidwa mbali zothandizira, monga Paul Ogola amene ndi Jela, Chichi Seii amene ndi Shiro, ndi Mumbi Maina amene ndi Zakia, ndipo aliyense woonera akhoza kuchitira umboni kuti anasewera bwino zedi, kusonyeza kuti luso linalipo. Ndikuyamikira kuti anajambuladi ku Nairobi osati pa malo ongofanizira, ndiponso kuti Tom Tykwer, amene anatsogolera kujambula kwa kumeneko mu sizoni yoyamba, anali atagwirapo kale ntchito ndi opanga mafilimu a ku Kenya. Koma zimenezo sizichotsa funso langa.

Chimene chimandivuta koposa ndi kumwetulira kwa Capheus. Pali malo ena pamene Kala wamuchezera m'nyumba mwake, nadabwa kuti munthu wosowa zinthu zambiri chonchi ali ndi TV yaikulu, ndipo iye akumufotokozera kuti kanemayo ndi amene amamutulutsa mu komboni m'maganizo. Yankho limenelo ndi loona, ndipo aliyense amene waona madishi pa madenga a ku Chawama akulimvetsa. Komabe ndimaopa chithunzi cha wosauka wokondwa nthawi zonse, amene ntchito yake ndi kutonthoza anzake olemera akakhumudwa. Munthu wa mavuto otere ayenera kuloledwa kukwiya ndi kutopa.

aPhiri, Chilenje:

aMwale, pa nkhani ya kusankha osewera ndili nanu kwathunthu. Pa nkhani ya Nairobi ya mbali imodzi, ndikuona kuti olemba anayesa kukonza mu sizoni yachiwiri pobweretsa Zakia, mtolankhani wophunzira kunja komanso wochokera ku banja lopeza bwino, ndiponso pomuika Capheus pa mpikisano wa ndale. Kaya kukonzako kunakwanira, limenelo ndi funso lina.

Ndiwonjezere chinthu chimodzi chimene ine chimandipweteka kuposa zonsezi, ndicho chiyankhulo. Anthu onse asanu ndi atatu timawamva akuyankhula Chingerezi, ndipo tikuyenera kungoganizira kuti Capheus akuyankhula Chiswahili, Sun Chikoreya, Kala Chihindi. Pali timalo tochepa pamene wina amadzidzimuka akuyankhula chiyankhulo cha mnzake chimene sanachiphunzirepo, ndipo timalo timeneto ndi tokoma kwambiri, chifukwa ndi pamene kulumikizanako kumamveka ndi khutu. Sewero lonena za kumvana kwa anthu osiyana likanalimba kwambiri likanatilola kumva kusiyanako. Ife a mu Lusaka timadziwa kuti m'basi imodzi mumamveka Chinyanja, Chibemba, Chitonga ndi Chilozi, ndipo anthu amafika kumene akupita atamvana.

Naphiri, Chelstone:

Abale anga, ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti pali mbali imene mukuizemba, ndiye ndiinene ine monga kholo. Seweroli lili ndi zithunzi zambiri za anthu ali maliseche ndi za kugonana, zina za anthu angapo nthawi imodzi, ndipo lili ndi nkhani za amuna okondana okhaokha ndi akazi okondana okhaokha. Ine ndinaleredwa mu mpingo, dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Chikhristu mu 1991, ndipo sindibisa kuti mbali zimenezo zinandilemera moti malo ena ndinkapititsa patsogolo. Sindikunena izi kuti ndiweruze amene analikonda, pakuti nanenso nkhani ya Sun inandigwetsa misozi, mkazi amene anavomera mlandu wa kuba ndalama umene anapalamula mlongo wake, napita kundende kuti asunge dzina la bambo wake ndi lonjezo limene anapereka kwa mayi wake asanamwalire. Akazi ambiri a kwathu kuno amasenza milandu ya alongo awo mwa njira yomweyo, ngakhale kuti safika kundende.

Pempho langa ndi lakuti amene mukulimbikitsa anzanu kuonera muziwauza zoona zake poyamba. Ili si sewero loonera pa balaza ndi ana kapena ndi apongozi. Masiku ano ana athu ali ndi mafoni m'manja, ndipo kholo limene langomva kuti ndi nkhani ya anthu omvana maganizo likhoza kuganiza kuti ndi zoseweretsa za ana.

Nabanda, Matero:

Amayi Naphiri, chenjezo lanu ndi loyenera ndipo ndikuligwirizana nalo, ili ndi sewero la akuluakulu. Koma pa nkhani ya Nomi ndikupempha kuti tiyang'ane pang'ono zimene zinamuchitikira, ngakhale tili ndi zikhulupiriro zosiyana. Nomi ndi munthu amene anabadwa akuwerengedwa ngati mwamuna koma amakhala moyo wake ngati mkazi, ndipo amene anasewera mbaliyo, Jamie Clayton, moyo wake ndi wotero. Atagwa pa njinga yamoto n'kugonekedwa m'chipatala, dokotala wina wogwirizana ndi BPO ananena kuti ubongo wake uli ndi vuto lofunika opaleshoni, mayi wake anavomereza, ndipo iye anatsekeredwa m'chipinda n'kumangidwa pa bedi akukana ndi mawu ake onse. Anapulumuka chifukwa Will anamubwereka luso lomasula unyolo, ndipo bwenzi lake Amanita anamutulutsa m'chipatalamo.

Ife anamwino timaphunzitsidwa kuti munthu wamkulu wa nzeru zake sachitidwa opaleshoni popanda chilolezo chake, kaya timakonda makhalidwe ake kapena ayi. Pamene ndinkaona Nomi akukuwa pa bedi paja sindinaganize za mikangano ya chipembedzo, ndinaona wodwala amene palibe akumumvera. Ndikuganiza kuti olemba anachita dala kutiika m'thupi la munthu amene ambiri a ife sitikanakhala naye pansi. Malamulo a dziko lathu amaletsa kugonana kwa amuna okhaokha, zimenezo tonse tikuzidziwa, koma pa khomo la kiliniki pamafika munthu aliyense, ndipo amene amaopa kunyozedwa amabwera mochedwa matenda atakula.

aBanda, Mtendere:

Ana anga, ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito ndipo seweroli ndinalionera pang'onopang'ono ndi mdzukulu wanga wamkulu, amene anandithandiza kulipeza. Ndikufuna kubwerera ku tsinde la nkhani, ndiko kulumikizana kwa anthuwo, pakuti mwakambirana kwambiri za nthambi.

Chinthu choyamba chimene ndinaganiza n'chakuti munthu wotere atapezeka kwathu ku Katete, akuyankhula ndi anthu osaoneka ndi kudziwa zochitika kutali, ambiri akananena kuti ndi mfiti kapena wagwidwa ndi mizimu, ndipo akanapita naye kwa sing'anga kapena kwa abusa. M'seweroli azungu amamutengera ku chipatala n'kumutcha wodwala ubongo. Njira ndi zosiyana koma mantha ndi amodzi, oopa munthu amene sakukwana m'malire amene tinazolowera. Olemba anafotokoza kuti anthuwa ndi mtundu wina wa anthu, wotchedwa Homo sensorium, umene wakhala ukubisala pakati pathu kuyambira kale. Mfundo imeneyo ndi yopeka, ndipo kwa ine si imene ili yofunika.

Chofunika ndi chakuti kumva za mnzako m'thupi mwako si mphatso yokha, ndi katundu. Anthu ambiri amakumbukira malo osangalatsa, monga pamene onse akuimba nyimbo imodzi aliyense ali ku mzinda wake, kapena pamene Riley akumvetsera bambo wake akuimba piyano ku Reykjavik ndipo onse asanu ndi atatu akukumbukira kubadwa kwawo. Ine ndimakumbukira kwambiri mtengo umene Will analipira. Whispers akangoyang'anizana maso ndi munthu wa mtundu umenewu amatha kulowa m'maganizo mwake, ndipo izi zitamuchitikira Will, iye anasanduka khomo limene mdani angalowere kwa anzake onse. Kuti awateteze anayenera kukhala wogonekedwa ndi mankhwala oledzeretsa kwa nthawi yaitali, wapolisi wolimba n'kusanduka munthu wofooka wobisidwa m'chipinda. Choncho chingwe chomwe chimawapulumutsa ndi chomwenso chingawaphetse.

Ife Achewa zimenezi si zachilendo kwenikweni. Maliro akagwa ku Chadiza, wa ku Mtendere sagona, amasonkha ya basi ndi ya bokosi ngakhale m'nyumba mwake mulibe ufa, ndipo sanganene kuti sizikumukhudza, chifukwa akatero wadzidula yekha ku mtundu. Ubale umatidyetsa komanso umatisenzetsa. Pa Kulamba ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi, anthu a mapasipoti atatu amene amadziwa kuti ndi amodzi. Makolo anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. N'chifukwa chake, aMwale mwana wanga, ine sindiona kumwetulira kwa Capheus ngati kupusa kapena ngati kutumikira olemera. Pa anthu asanu ndi atatu aja iye ndiye anakulira m'moyo umene munthu sakhala payekha, ndiye pamene alendo analowa m'mutu mwake sanaone chifukwa chowathamangitsira. Anzake anayenera kuphunzira chimene iye anali atachidziwa kale.

aMwale, Kabwata:

Agogo aBanda, mfundo yanu yomalizayo ndi yamphamvu ndipo yandipatsa choganizira. Ndikadakondabe kuti olemba aionetse okha poyera, mwachitsanzo potionetsa abale, anansi ndi mpingo wa Capheus mochuluka, m'malo moti ife oonera tiibweretse kuchokera ku chikhalidwe chathu. Mmene zilili, munthu wa ku Berlin woonera seweroli saona umunthu umene inu mwauona, amangoona mnyamata wosauka wa mtima wabwino.

Nambewe, Garden:

Pepani akuluakulu kuti ndalowa pakati. Ine sindinalionere, koma zokambirana zanu zandipatsa chidwi. Ndikufuna kudziwa kuti lili ndi magawo angati ndi dongosolo loyenera kutsatira, chifukwa mabandulo a intaneti ndi odula ndipo sindifuna kuyamba chinthu chimene chinasiyidwa panjira. Ndinamva kuti linaimitsidwa lisanathe.

aMwale, Kabwata:

Achemwali, magawo onse ndi 24. Sizoni yoyamba ili ndi magawo 12. Kenako pali gawo lalitali la Khrisimasi limene linatuluka mu Disembala 2016, ndipo limeneli musalidumphe chifukwa ndilo chiyambi cha sizoni yachiwiri, komanso ndi mmene Capheus watsopano akuonekera koyamba. Magawo ena 10 anatuluka mu Meyi 2017. Pa 1 Juni 2017 Netflix inalengeza kuti seweroli laimitsidwa, ndipo chifukwa chimene akuluakulu ake anapereka n'chakuti oonera sanali ochuluka mokwanira poyerekeza ndi ndalama zimene zinkalowa, pakuti kujambula m'mizinda yeniyeni ya m'mayiko ambiri, ndi kunyamula osewera onse kupita nawo kulikonse, ndi ntchito yodula kwambiri. Sizoni yachiwiri inathera pa malo opweteka, Wolfgang ali m'manja mwa BPO, ndiye okonda seweroli m'mayiko ambiri anadandaula kwambiri pa intaneti, kulemba makalata ndi kuimba mafoni, mpaka Netflix inavomera kupanga gawo lomaliza la maola awiri ndi theka, limene linatuluka pa 8 Juni 2018.

Choncho mathero alipo, simudzasiyidwa m'malere. Ndikuchenjezeni chabe kuti magawo atatu oyambirira amayenda pang'onopang'ono chifukwa akudziwitsa anthu asanu ndi atatu mmodzimmodzi, ndipo ambiri amagwa ulesi pamenepo. Mukafika gawo lachinayi mudzadziwa ngati ndi lanu kapena ayi. Chenjezo la amayi Naphiri likhalenso m'maganizo mwanu posankha malo ndi nthawi yoonera.

aTembo, Kanyama:

aMwale mwati mathero alipo, ndipo n'zoona kwa gulu lonse, koma kwa Capheus ine ndikuti palibe, ndipo apa ndi pamene funso la aPhiri likupeza yankho langa. Mu sizoni yachiwiri nkhani yake inali itayamba kukula. Anaona anthu a ku Kibera ali pa mzere ndi zigubu, mtengo wa madzi utakwezedwa, ndipo zinthu zotere ndi zimene zinamukankhira kuvomera kuimira anthu ake pa chisankho, ngakhale kuti ankadziona ngati woyendetsa basi chabe. Ife a ku Kanyama nkhani ya madzi sitiimva ngati sewero. Timagula madzi pa kiyosiki, mvula ikagwa zimbudzi zimasefukira, ndipo tinaona kolera ya 2017 ndi 2018, kenako ya 2023 ndi 2024 pamene bwalo la Heroes linasandutsidwa malo ogonekamo odwala. Ndinkayembekezera kuona chimene munthu wokhala ndi nzeru za wapolisi, za katswiri wa mankhwala ndi za katswiri wa makompyuta m'mutu mwake angachite pa vuto la madzi a komboni yake. Pamenepo ndi pamene mkwiyo umene aMwale akuufuna unali kuyamba kuoneka, makamaka msonkhano wake wa ndale utasokonezedwa ndi chiwawa.

Gawo lomaliza linatenga gulu lonse kupita nalo ku Paris ndi ku Naples kukapulumutsa Wolfgang ndi kugonjetsa BPO, n'kuthera pa ukwati wa Nomi ndi Amanita pa nsanja ya Eiffel. Ndikumvetsa kuti nthawi inali yochepa ndipo sakanatha kumanga mfundo zonse. Koma pamene anayenera kusankha zoti asiye, chisankho cha ku Nairobi ndi madzi a ku Kibera ndi zimene zinasiyidwa, ndipo Capheus anabwerera pa ntchito yogwira chiwongolero kuti anzake akafike kumene akupita. Ndikuvomera ndi mayi Nabanda kuti mavuto ake ndi oona, ndikuvomeranso ndi agogo aBanda kuti mtima wake ndi wathu, koma nkhani ya kwawo sanaimalize, ndipo mpaka lero sitikudziwa ngati anapambana chisankho chija.